Akukuthamangitsani Ndani?

Aliyense amene anayesapo kuthamanga m'mamawa m'misewu ya m'matauni athu funso ili analimvapo. Ukudutsa pa siteji thukuta lili kamukamu, wina amene akudikira minibasi amakuwa kuti, "Achimwene, akukuthamangitsani ndani?" Anzake n'kufa nako kuseka. Kwa zaka zingapo funsoli linkandipsetsa mtima, ndipo ndinkaliyesa chipongwe cha anthu osadziwa ubwino wolimbitsa thupi. Maganizo amenewo ndinawasiya. Pa zonse zimene ndamvapo zokhudza kuthamanga, kaya kwa aphunzitsi a masewera kaya kwa ogulitsa nsapato, palibe mawu anzeru oposa funso la munthu wa pa siteji uja. Chinenero chathu chinaiona kale nkhaniyi. Pali kuthamanga, pali kuthamangitsidwa, ndipo munthu wamkulu sadzuka 4 koloko m'mawa n'kusiya bulangete lofunda popanda chimene chili kumbuyo kwake.

Choncho oseka a pa siteji ndawakhululukira. Mkangano wanga uli ndi alaliki a chiphunzitso chimene chafala m'makalabu a othamanga, pa Facebook ndi m'zotsatsa malonda. Chiphunzitsocho chimati msewu sukondera. Chimati kuthamanga ndi masewera a aliyense chifukwa zofunika ndi miyendo ndi mtima wofuna basi. Wothamanga ndi amene wafuna, wosathamanga ndi waulesi, ndipo kumene munthu anachokera kulibe ntchito. Mawuwa ndi okoma m'khutu, amamvekanso ngati akulemekeza osauka. Koma ndi bodza, ndipo amene amalipira mtengo wa bodzali ndi osauka omwewo, amayi, ndi odwala amene dokotala wawauza kuti azilimbitsa thupi. Akuluakulu anati liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi. Ife sitiyambira limodzi. Chimene chimadzutsa munthu kuti athamange, ngakhalenso chimene chimamuletsa, chimachokera ku nyumba imene anakuliramo, ntchito imene amagwira, thupi limene ali nalo ndi mbiri ya dziko lake.

Tiyeni tichiyese chiphunzitsochi pa malo amene alaliki ake amawanyadira koposa, mpikisano wa Comrades wa ku South Africa. Chaka ndi chaka anthu oposa 20,000 amalembetsa kuti athamange mtunda wa makilomita pafupifupi 90 pakati pa Pietermaritzburg ndi Durban. Chaka china amatsika kulowera ku nyanja, chaka china amakwera. Panjirapo pali zitunda zisanu zotchuka: Cowies Hill, Fields Hill, Botha's Hill, Inchanga ndi Polly Shortts. Akakwana maola 12, mkulu wina amafulatira othamanga n'kuomba mfuti, ndipo amene watsala ndi sitepe imodzi yokha sapatsidwa kanthu. Mendulo za golide zimapita kwa amuna 10 ndi akazi 10 oyamba. Ena onsewo ndi othamanga wamba: aphunzitsi, anamwino, alonda, madalaivala, maloya, ogwira ntchito m'nyumba za anthu. Palibe amene amawalipira. Iwo ndiwo amalipira kuti akavutike tsiku lathunthu. Akuwathamangitsa ndani?

Amene anayambitsa mpikisanowu yankho anali nalo. Vic Clapham anali woyendetsa sitima yapamtunda amene anakamenya nkhondo yoyamba ya dziko lonse ku East Africa. Kumeneko asilikali a ku South Africa anayenda pansi mitunda yoopsa akulondola asilikali a Germany, malungo ndi kamwazi zikuwapulula. Atabwerera kwawo anafuna chikumbutso cha anzake amene anafera kunkhondo, chikumbutso chimene munthu angachimve m'minofu. Pa 24 May 1921 amuna 34 ananyamuka ku Pietermaritzburg, ndipo 16 okha ndiwo anafika ku Durban. Bill Rowan anapambana pa maola 8 ndi mphindi 59. Clapham sanayambitse Comrades pofuna kuchepetsa mimba. Ankathamangitsidwa ndi maliro a anzake. Mpikisano waukuluwu unabadwa m'mbiri ya munthu mmodzi, ndiye zingatheke bwanji kuti lero tiziuzidwa kuti mbiri ya munthu ilibe ntchito?

Nkhondo yomweyo, imene agogo athu ankaitchula kuti ya Chiwaya, inali ndi oyenda pansi ena. Katundu wa asilikali ankayenda pamitu ya amtengatenga, ndipo ku Nyasaland kokha kunatengedwa amuna pafupifupi 200,000 kukagwira ntchito imeneyi. Ambiri anafa ndi njala ndi matenda m'njira. John Chilembwe analemba kalata mu 1914 yodandaula kuti anthu akuda akukafera nkhondo yosawakhudza. Ngati panali anthu odziwa ululu wa mtunda wautali, anali amenewa. Koma mpikisano wokumbukira ululuwo unatsekera kunja anthu akuda kwa zaka 54. Mu 1935 Robert Mtshali anauthamanga popanda chilolezo n'kumaliza pa maola 9 ndi mphindi 30, koma dzina lake silinalowe m'kaundula wa omaliza. Frances Hayward, mayi woyamba kuumaliza, anatero mu 1923, nayenso popanda kuwerengedwa. Chitseko chinatsegukira akuda ndi akazi mu 1975, ndipo munthu wakuda woyamba kupambana, Sam Tshabalala, anapambana mu 1989. Mendulo ya dzina la Mtshali, ya omaliza pakati pa maola 9 ndi 10, inayamba kuperekedwa mu 2019. Kodi Mtshali analibe mtima wofuna? Anali nawo wochuluka kuposa ambiri amene analandira mendulo tsiku limenelo. Msewu unakondera, ndipo unakondera poyera.

Wina anena kuti zimenezo ndi zakale, lero chitseko n'chotseguka. Chabwino. Tiyeni tiime pa mzere woyambira m'bandakucha wa mwezi wa June, chisanu cha ku Pietermaritzburg chikuluma zala, tione amene aima pamenepo.

Apa pali bambo wa mu ofesi wa zaka za m'ma 40. Moyo wake wonse wauchikulire wakhala pa mpando, kuchoka pa mpando wa galimoto kupita pa mpando wa ku ntchito. Tsiku lina anakayezetsa ku chipatala n'kuuzidwa kuti shuga wakwera ndipo magazi akuthamanga. Magazi atayamba kuthamanga, mwini wake nayenso anayamba kuthamanga. Mtundu uwu wa kuthamanga uli ndi mbiri yake. Arthur Lydiard, mphunzitsi wa othamanga wa ku New Zealand, anayamba kusonkhanitsa amuna achikulire onenepa ku Auckland kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1960 kuti azithamanga pang'onopang'ono poteteza mitima yawo. Bill Bowerman wa ku America, mmodzi wa amene anayambitsa Nike, anakaona zimenezo n'kuzifalitsa kwawo. Kunali kuthamanga kwa anthu amene magalimoto ndi chakudya chambiri zinawalanda ntchito ya miyendo. Bambo wa mu ofesi uja akuthamangitsidwa ndi imfa imene anaiona itatenga bambo ake kapena mnzake wa ku ntchito. Mantha ake ndi enieni ndipo sindikuwaseka.

Pambali pake paima mlonda. Iye miyendo sinapumepo chibadwire. Anayenda mtunda kupita ku sukulu, anaweta ng'ombe, lero amaima usiku wonse pa geti ya munthu wina. Mimba yoti aichepetse alibe. Akamva dzina la Tete Dijana maso ake amawala, chifukwa Dijana anali mlonda pa North-West University ku Mahikeng pamene anapambana Comrades mu 2022, ndipo mu 2023 anapambananso pa maola 5, mphindi 13 ndi masekondi 58. Amadziwanso za Bongmusa Mthembu, amene ankagwira ntchito ya zomangamanga asanapambane mu 2014, 2017 ndi 2018, ndi za Stephen Muzhingi wa ku Zimbabwe amene anapambana zaka zitatu zotsatizana kuyambira 2009. Mlonda wathuyu mwina sadzafikako kumeneko, ndipo mumtima mwake amadziwa. Koma m'mipikisano ing'onoing'ono ya kumapeto kwa sabata mumakhala kamphotho ka opambana, ndipo kamphothoko n'kokwana ufa ndi yunifomu ya mwana. Palinso china choposa ndalama. Masiku onse a chaka anthu amadutsa pa geti yake osamupatsa moni. Tsiku la Comrades amavala nambala yokhala ndi dzina lake, anthu osamudziwa amafuula dzinalo m'mphepete mwa msewu, ndipo amapitirira abwana ake pa Inchanga. Akamaliza mipikisano 10 amapatsidwa nambala yobiriwira imene imakhala yake mpaka kalekale. Kwa munthu amene sukulu inamukana chifukwa cha fizi, imeneyo ndiyo satifiketi yopachika pa khoma.

Kumbuyo kwawo kuli ena. Mayi amene mwamuna wake anamwalira, ndipo m'nyumba mukakhala zii usiku tulo sitibwera. Mnyamata amene anasiya mowa ndipo akuopa Loweruka lopanda chochita. Mlendo wochokera ku dziko lina amene kalabu ya othamanga ndi malo okhawo kumene samufunsa za mapepala asanamufunse dzina. Ngakhale akatswiri ali ndi zowathamangitsa zimene wotchi siiona. Bruce Fordyce, amene anapambana Comrades maulendo 9, anathamanga mu 1981 atavala kansalu kakuda pamkono potsutsa zikondwerero za boma la tsankho zokumbukira kuti patha zaka 20 South Africa ili Republic, anthu ena akumukuwiza m'njira. Anthu onsewa adutsa msewu umodzi ndipo ambiri alandira mendulo zofanana. Koma aliyense akuthawa chilombo chake, ndipo chilombocho anachitenga kumene anachokera.

Ofufuza nawonso anayesa kuwerenga zifukwa zimenezi. Mu 1993 akatswiri atatu a ku America, Kevin Masters, Benjamin Ogles ndi Jeffrey Jolton, anakonza mafunso 56 oyezera chimene chimalimbikitsa othamanga mitunda yaitali, ndipo mafunsowo akugwiritsidwabe ntchito m'mayiko ambiri. Anapeza zifukwa zisanu ndi zinayi: thanzi, kuchepetsa thupi, kupeza anzako, kutamandidwa, kupikisana ndi ena, kukwaniritsa cholinga chimene wadziikira, kuthana ndi nkhawa, kudziona kuti ndiwe munthu, ndi kupeza tanthauzo la moyo. Ndi ntchito yabwino. Koma werenganinso mndandandawo. Ufa mulibemo. Fizi mulibemo. Mafunsowo anakonzedwa pakati pa anthu amene nkhani ya chakudya cha mawa inatha kale, ndiye sanaone chifukwa choifunsira. Pamene Vincent Onywera wa ku Kenya ndi anzake anafunsa akatswiri othamanga a m'dziko lawo, m'kafukufuku amene anatuluka mu 2006, pafupifupi mmodzi mwa atatu alionse anati chinamukopa ndi ndalama, ndipo ambiri anali oti ankathamanga popita ku sukulu ali ana. Amenewo anali akatswiri, koma katswiri aliyense anayamba ngati wothamanga wamba wa pamudzi. Funso nalonso lili ndi kwawo. Ukafunsa mlonda uja ndi mafunso a ku America adzasankha "kupikisana" kapena "kutamandidwa" chifukwa ndi zimene zalembedwa, ndipo wofufuza adzapita kwawo akuganiza kuti wamumvetsa.

Mbiri ya munthu imamuletsanso kuthamanga, ndipo apa m'pamene alaliki a mtima wofuna amalakwira anthu kwambiri. Ambiri a ife kuthamanga tinakumana nako koyamba ngati chilango. Ukachedwa ku sukulu, zungulira bwalo kasanu. Ukalongolola m'kalasi, thamanga kukagwira mtengo uko n'kubwerera. Ena tinkathamanga chifukwa sukulu inali kutali ndipo belu silinkadikira. Munthu amene anakula chotero, tsiku limene anakwera minibasi ndi ndalama yake anamva kuti wawoloka. Kwa iye kuyenda pansi ndi umphawi umene anauthawa. Ndiye mukumuuza kuti adzuke m'mamawa akabwerere ku chinthu chimene anavutika zaka 20 kuti achisiye, ndipo akazengereza mukuti ndi waulesi? Mwana amene ankapita ku sukulu pa galimoto ya makolo, n'kumathamanga pa kapinga atavala nsapato zoyera mphunzitsi akumuombera m'manja, anakula akudziwa kuti kuthamanga ndi mphotho. Awiriwa akamva mawu akuti "thamanga" samva chinthu chimodzi.

Nanga thupi? M'madera athu ambiri kunenepa kwakhala chizindikiro chakuti munthu zikumuyendera ndipo akusamalidwa bwino pa banja. Zaka zimene Edzi inkapulula anthu mankhwala otalikitsa moyo asanafale zinawonjezera china: kuwonda kunasanduka mlandu. Amene anakhalapo m'zaka za m'ma 1990 amakumbukira mmene maso a anthu ankayezera khosi ndi masaya a mnzawo. Lero munthu akayamba kuthamanga n'kutaya makilogalamu 10, asanamve mawu oyamikira amayamba wamva apongozi akufunsa monong'ona ngati kunyumba kuli bwino. Ku London wothamanga akawonda amamuyamikira. Ku Ndirande kapena ku Matero amayenera kufotokoza. Zotsatsa nsapato sizidziwa zimenezi.

Kwa amayi mtolo ndi wolemera kuposa apa. Ku Malawi lamulo la mu 1973 linkaletsa akazi kuvala mathalauzi ndi masiketi aafupi pagulu, ndipo linachotsedwa mu 1993. Mu January 2012 magulu a amuna anavula akazi ovala mathalauzi m'misewu ya ku Lilongwe ndi ku Blantyre. Mayi amene anakula akuona zimenezi, akati atuluke ndi kabudula wothamangira, amayamba wawerengera zinthu zimene mwamuna saziganizira n'komwe. Nthawi yokhayo imene ali nayo ndi m'bandakucha ana asanadzuke, ndipo nthawi imeneyo ndi ya mdima. Ayenera kudziwa msewu umene uli ndi magetsi, malo amene pamakhala anyamata olankhula zonyansa, ndi mnzake woti apite naye. Akabwerako phala la ana likumudikira. Mwamuna wothamanga amati ndi wolimbikira. Mkazi wothamanga amafunsidwa kuti ana wasiyira ndani. Ngati mayi wotereyu wafika pa mzere woyambira wa Comrades, wathamanga kale mpikisano wina umene palibe amene anaupimira nthawi.

Ngakhale boma limadziwa kuti kuthamanga sikukhala kopanda tanthauzo. Ku Bujumbura, m'dziko la Burundi, anthu anazolowera kuthamanga m'magulu akuimba nyimbo, chizolowezi chimene chinakula m'zaka za nkhondo yapachiweniweni pamene kukhala pagulu kunkachepetsa mantha. Mu March 2014 akuluakulu a boma analetsa kuthamanga m'magulu m'misewu ya mzindawo ponena kuti otsutsa boma akubisalamo. Anthu amenewo ankathamangitsidwa ndi nkhondo, ndipo boma lawo linaona ndale m'mapazi awo. Mungawafotokoze bwanji ndi chiphunzitso cha miyendo ndi mtima wofuna?

Tsopano ndiwapatse alaliki aja zimene zili zawo, chifukwa m'mawu awo muli choona. Polly Shortts safunsa kuti umalandira zingati. Kuti uloledwe kuthamanga Comrades uyenera kuyamba wamaliza mpikisano wa makilomita 42 pasanathe maola asanu, ndipo palibe amene angakuthamangire. Mfuti ya maola 12 imalirira loya ndi mlonda mofanana. Khama ndi lenileni, ndipo munthu amene wadzuka m'mamawa miyezi isanu ndi umodzi ayenera ulemu wake, kaya ndi wolemera kaya ndi wosauka. Palinso chinthu chokongola chimene chimachitika m'maola omaliza, pamene anthu amathamanga m'magulu amene amawatcha mabasi, akutsatira mmodzi wodziwa kusunga nthawi, ndipo wina akagwa pafupi ndi pomalizira anthu osamudziwa amamunyamula. Zimenezi sindikuzikana.

Chimene ndikukana ndi kutenga tsiku limodzi limenelo n'kuphimba nalo masiku ena onse a chaka. Chitunda n'chimodzi, koma wina wafikapo atagona pa bedi la mu hotela, wina atagona pa benchi. Wina ali ndi nsapato zatsopano ndi wotchi yowerenga kugunda kwa mtima, wina wavala nsapato za pa kaunjika zimene zinatha kale kunsi. Wina akavulala bondo amapita kwa dokotala wa mafupa, wina amamanga kansalu n'kupita ku ntchito yoimirira. Wina anaphunzira kuthamanga atapuma usiku wonse, wina ataweruka ku ntchito ya usiku. Pamwamba pa izo pali ndalama yolembetsera, ya kalabu, ya ulendo, ndipo wochokera kunja kwa South Africa amalipira yochulukirapo. Okonza Comrades eni ake amadziwa zimenezi, n'chifukwa chake amakonzera othamanga osowa malo ogona ndi chakudya. Akanakhala kuti amakhulupirira kuti mtima wofuna ndi wokwanira, matiresi amenewo akanawagulira chiyani? Ukakwera pamsana pa njovu usamati pansi palibe mame.

Pali bodza lina, mphwake wa loyamba lija, limene liyenera kukanidwa nthawi yomweyo. Limati anthu osauka, kapena anthu akuda, anabadwa ndi liwiro, kotero safuna thandizo lililonse. Bodza ili limalanda mlonda uja khama lake n'kulipereka kwa magazi ake. Bambo wa mu ofesi akamaliza pa maola 11 amatchedwa ngwazi ya kudziletsa. Mlonda akamaliza pa maola 7 amati ndi chibadwa. Ayi. Nayenso anadzuka, nayenso anamva kuwawa, ndipo anatero mimba ili pululu. Kunena kuti mbiri ya munthu imaumba chifukwa chake chothamangira sikutanthauza kuti mbiriyo ndiyo imamuthamangira.

N'chifukwa chiyani ndikulimbikira nkhani imene ena angaione ngati ya masewera chabe? Chifukwa matenda a shuga ndi othamanga magazi akuchuluka m'matauni athu, ndipo anamwino tsiku lililonse akuuza anthu kuti azilimbitsa thupi. Uphungu woperekedwa popanda kufunsa kumene munthu akuchokera umagwera pa mwala. Mayi wogulitsa pa msika amene amanyamuka kunyumba kusanache sangathandizidwe ndi mawu okonzedwera munthu wa mu ofesi. Akalephera, chiphunzitso cha mtima wofuna chimamupatsa mlandu iyeyo, ndipo amene anayenera kuika magetsi mumsewu ndi kusiya njira ya oyenda pansi amapulumuka. Bodzali ndi lokoma kwa olamulira mizinda chifukwa silimawapempha kanthu. Ndi lokomanso kwa ogulitsa, chifukwa ngati vuto lili mumtima mwako, mankhwala ake ndi nsapato ina yatsopano.

Zitsanzo za njira ina zilipo. Mpikisano wa pa phiri la Mulanje, umene umayambira ku Likhubula n'kukwera ku Chambe ndi ku Lichenya, unayamba ngati wa anthu onyamula katundu wa alendo okwera phirilo. Unatenga luso limene anthuwo anali nalo kale chifukwa cha ntchito yawo n'kulipatsa ulemu, ndipo lero alendo ovala nsapato zodula amatsalira kumbuyo kwa anthu a m'midzi ya m'tsinde mwa phirilo. Parkrun, imene Paul Sinton-Hewitt anaiyambitsa ku Bushy Park mu London mu 2004 ndi othamanga 13 okha, ndipo Fordyce anaibweretsa ku Johannesburg mu 2011, ndi makilomita asanu Loweruka lililonse m'mawa, osalipira kanthu, woyenda ndi wothamanga onse olandiridwa. Komabe ngakhale yaulereyo imafuna paki yotetezeka ndi Loweruka lopuma, zinthu zimene wantchito wa m'nyumba alibe. Kuchotsa mtengo ndi chiyambi chabe.

Choncho kwa atsogoleri a makalabu ndikuti, munthu watsopano akabwera musayambe ndi kumufunsa nthawi imene amathamangira makilomita 10. Mufunseni chimene chamubweretsa, ndipo mumvetsere. Ikani nthawi zina zophunzirira zimene wogwira ntchito ya usiku angazikwanitse. Konzani magulu oti amayi azinyamukira limodzi, ndipo amuna a m'kalabu aphunzire kudzudzula anzawo a pakamwa ponyansa. Nsapato zimene mwazisiya zikadali zabwino zisagone m'kabati. Kwa okonza mipikisano ndikuti, ikani mtengo wolembetsera umene mlonda angaufikire popanda kugona ndi njala, ndipo kamphotho ka opambana mukapereke tsiku lomwelo, chifukwa kwa ena ndi ndalama yobwererera kunyumba. Kwa a zaumoyo, funsani wodwala mmene tsiku lake limayendera musanamulembere kuti azithamanga. Kwa makhonsolo a mizinda, nyali imodzi yoyaka pa msewu imatulutsa amayi ambiri kuposa zikwangwani zonse zolimbikitsa anthu. Ndipo kwa ofufuza a m'mayunivesite athu, konzani mafunso anu m'zinenero zathu, muikemo ufa, muikemo maliro, muikemo apongozi.

Kwa ife othamanga wamba, ulemu woyamba ndi kusiya kuyeza zifukwa za anzathu ndi sikelo yathu. Wothamangira kamphotho si wadyera, wothamangira kuchepetsa mimba si wachibwana, ndipo amene sanayambe n'komwe mwina akulimbana ndi chitunda chimene ife sitinachikwerepo. Masiku ano wa pa siteji akandikuwira sindikwiyanso. Tsiku lina ndinaima n'kumuyankha kuti ndikuthawa matenda amene anatenga bambo anga. Anasiya kuseka, anandiyang'ana, n'kunena kuti nawonso mayi ake ndi omwewo anawatenga. Kenaka minibasi yake inafika, ndipo anathamanga kukailimbirana ndi anzake kuti asachedwe ku ntchito.